Kalata ya Abusa: Za ng'ombe ija inagwada pa dambo

Okondedwa mwa Ambuye, akulu a mpingo, amayi, achinyamata ndi nonse a mpingo wathu kuno ku Kasungu,

Mtendere wa Mulungu ukhale nanu.

Lachiwiri lapitali, ndikuchokera kokaona odwala, ndinapeza ngolo itatitimira pa dambo, mabelo a fodya atasanjikizana mpaka pamwamba. Ng'ombe imodzi inali itagwada. Pakhosi pake, pokhala goli paja, panali chilonda chofiira psu, ndipo mnyamata woyendetsa ankaimenya ndi ndodo pachilonda pomwepo, kwinaku akuipotokola mchira. Nditamuletsa anandiyankha mwaulemu ndithu: "Abusa, imeneyi ndi ng'ombe, si munthu." Dzina lake sinditchula, la mwini ngolo sinditchulanso, ndipo musavutike kundifunsa. Tinatsitsa mabelo anayi, ng'ombe inadzuka, ngolo inatuluka. Koma mawu ake aja akhala akundizungulira m'mutu sabata yonse.

Mnyamatayo sananame: ng'ombe si munthu. Koma kodi zimenezo zikutipatsa ufulu wochita nayo chilichonse chimene tafuna?

Funso limeneli linazunguza mitu ya anthu anzeru zakuya kalekale. René Descartes, wa ku France, m'zaka za m'ma 1600 ankaphunzitsa kuti nyama ili ngati makina, imayenda ndi kulira koma m'kati mulibe woganiza. Ndikukayika ngati bambo ameneyu anamvapo ng'ombe yaikazi ikulira usiku wonse mwana wake atagulitsidwa. Immanuel Kant, wa ku Germany, anati tisazunze nyama chifukwa wozunza galu mtima wake umauma, ndipo mawa azunza munthu. Pamenepa pali choonadi. Mwana wozolowera kuponya mphaka m'chitsime ndi kuseka, muzimuyang'anitsitsa. Komabe maganizo a Kant amasiya nyamayo panja, ngati kuti ululu wake ulibe kanthu pokhapokha utabwerera kwa ife. Mu 1789 Jeremy Bentham, wa ku England, anatembenuza funsolo. Anati tisafunse ngati nyama imaganiza kapena imayankhula, tifunse ngati imamva kuwawa. Pofika 1975 Peter Singer anakoka mfundo imeneyo mpaka patali, ndipo ambiri omutsatira anasiya kudya nyama.

Ine kumeneko sindifikako. Mulungu anapatsa Nowa nyama kuti zikhale chakudya (Genesis 9:3), ndipo Ambuye Yesu atauka anadya nsomba yootcha pamaso pa ophunzira ake. Pa ukwati mbuzi tidzapha ndithu, musade nkhawa. Koma funso la Bentham ndalisunga, chifukwa Malemba analifunsa kale iye asanabadwe.

Tsegulani Eksodo 23:12. Mpumulo wa tsiku lachisanu ndi chiwiri sunaperekedwe kwa munthu yekha. Ng'ombe ndi bulu atchulidwamo, kuti nawonso apume. Deuteronomo 25:4 akuletsa kumanga pakamwa ng'ombe yopuntha tirigu: yogwira ntchito idyeko. Eksodo 23:5 ndiye amandichititsa manyazi kwambiri. Ukapeza bulu wa munthu wodana nawe atagwa ndi katundu, usapitirire, umuthandize kumudzutsa. Udani wa eni ake bulu alibe nawo gawo. Ndipo utawaleza uja timaimba ku Sande sukulu ndi chizindikiro cha pangano la Mulungu ndi Nowa pamodzi ndi zamoyo zonse, mbalame, zoweta ndi zakutchire (Genesis 9:10). Mulungu sanachite manyazi kupangana pangano ndi nyama.

Ena a inu mukuti, nanga si anatipatsa ulamuliro pa zonsezi? Anatipatsadi. Koma ulamuliro wake ndi wa mnyamata wolembedwa kuweta ng'ombe za mwini khola. Amaziyendetsa, amazitsekera, mkaka amamwako, koma madzulo mwini amabwera kudzawerenga, ndipo akaona chilonda amafunsa. Mu Salimo 50:10 Mulungu akuti nyama zonse zakutchire ndi zake, ndi ng'ombe za pamapiri zikwi. Miyambo 12:10 imayika kusamala moyo wa choweta pakati pa zizindikiro za munthu wolungama. Choncho kugwiritsa ntchito ng'ombe si tchimo, kuipha kuti tidye si tchimo, koma ululu umene timauwonjezera popanda chifukwa, chifukwa cha ulesi, mkwiyo kapena umbombo wofuna kutenga ulendo umodzi katundu wa maulendo awiri, umenewo tidzayankha.

Ndipo timauwonjezera tsiku ndi tsiku osazindikira. Nkhuku khumi zomangidwa miyendo, mitu ili pansi pa handulo ya njinga, dzuwa likuswa mtengo, kuchoka kumudzi mpaka kumsika osazipatsa ngakhale madzi. Mbuzi yomangidwa pakaliyala ndi mphira mpaka miyendo kutupa. Mpeni wobuntha pophera. Galu amene amatilondera usiku wonse koma chakudya chake ndi mwala, ndipo a zaziweto akabwera ndi katemera wa chiwewe timati tilibe nthawi, pomwe galu yemweyo amasewera ndi ana athu. Za kutentha tchire lonse chifukwa cha mbewa zodzaza chitini chimodzi ndinanenapo kale, sindibwereza.

Pali nkhani yolemera kuposa izi, ndipo sindingaizembe. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku nkhalango yathu ya Kasungu, kumene opha nyama mozemba anali atazitha pafupifupi. Abale athu a m'malire mwa nkhalangoyi akudziwa zimene zatsatira: minda kudyedwa usiku umodzi, nkhokwe kugumulidwa, ndipo mabanja ena alira maliro. Sindingaime pa guwa n'kuuza mayi amene munda wake wa chimanga wasanduka bwalo kuti azikonda njovu. Yesu yemwe anati mpheta siigwa pansi Atate osadziwa anatinso inu mupambana mpheta zambiri. Moyo wa munthu uli patsogolo, ndipo n'koyenera kuti tizikweza mawu, kudzera kwa mafumu athu ndi kwa oyang'anira nkhalango, kuti anthu ndi minda zitetezedwe. Chimene ndikukana ndi msampha wa waya ndi poizoni. Waya sasankha. Amagwira gwape, mwana wa njovu, ngakhale galu wa mnansi, ndipo chogwidwacho chimafa pang'onopang'ono kwa masiku, mwendo ukuwola. Mkhristu asatchere chinthu chotere, kaya wakwiya bwanji.

Lamulungu likudzali tidzasonkhanitsa chimanga cha mabanja amene minda yawo yaonongedwa ndi njovu; aliyense abwere ndi chimene angathe, ngakhale mbale imodzi. Mapemphero akatha, ndikupempha eni ngolo onse atsalire pansi pa mtengo wa mango. Mmodzi wa akulu a mpingo amene amadziwa kusema magoli adzationetsa kasalazidwe ka goli kuti lisadye khosi, ndi zoyenera kuchita chilonda chikayamba. Mubwere nawo anyamata amene amakuyendetserani ngolo, chifukwa ndodo imakhala m'manja mwawo.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.