A pa limandi azifunsidwa za umoyo wa maganizo awo tsiku lomwe alowa

Akonzi,

Tiloleni tilankhulepo za anthu amene ali pa limandi, kudikira milandu yawo, kundende za Maula, Chichiri, Zomba ndi Mzuzu. Mkaidi wogamulidwa amadziwa tsiku lotuluka, ndiye amangowerenga masiku. Wa pa limandi alibe choti awerenge. Sadziwa ngati belo itheka, ngati fayilo yake ikadalipo, kapena ngati ana akudya kunyumba. Kusadziwa kumeneku ndi kumene kumamudya mumtima, ndipo sabata yoyamba ndiyo yoopsa kwambiri: ambiri amene amaganiza zodzipha amatero m'masiku amenewa.

Pempho lathu ndi lakuti aliyense wolowa afunsidwe ndi wachipatala pasanathe maola 24. Mphindi khumi zokha zikwana. Kodi mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku? Munagonekedwapo kuchipatala cha matenda a maganizo, ku Zomba Mental kapena ku St John of God? Mowa mumamwa wochuluka bwanji, ndipo munamwa komaliza liti? Munaganizapo zodzipha? Funso lomalizali lifunsidwe mosapita m'mbali. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu, koma kumamupatsa mpata woti atule zakukhosi.

Nkhani ya mankhwala ndiyo imatipweteka mtima. Munthu amamangidwa pamsika, buku lake la kuchipatala ndi mapiritsi zili kunyumba. Wodwala khunyu akasiya mwadzidzidzi phenobarbitone kapena carbamazepine amayamba kugwa, nthawi zina mobwerezabwereza mpaka moyo kukhala pachiswe. Wodwala matenda a maganizo wa jakisoni wa pamwezi akadumpha tsiku lake, pakapita masabata angapo amasiya kugona, amalankhula yekha, anzake n'kumamumenya poganiza kuti ndi matukutuku. Wachibale aimbiridwe foni tsiku lomwelo kuti abweretse bukulo.

Winanso amene amaphonyedwa ndi chiyamwakale wa kachasu. Akasiya mowa mwadzidzidzi, tsiku lachiwiri kapena lachitatu manja amanjenjemera, thukuta kamukamu, amaona tizilombo pakhoma, ena amakomoka. Uku si kunamizira misala kuti athawe mlandu. Ndi matenda otha kupha, ndipo amafuna mankhwala a diazepam ndi thiamine, komanso wachipatala pafupi, osati unyolo.

Woganiza zodzipha asatsekeredwe yekha. Achotseredwe lamba ndi zingwe, akhale pamene anzake akumuona, ndipo wachipatala amuonenso mawa lake. Usiku wa m'ndende ndi wautali chifukwa maselo amatsekedwa dzuwa likadali m'mwamba, ndiye amene amaona zizindikiro koyamba ndi anyapala, akaidi oyang'anira anzawo m'maselo. Aphunzitsidwe kuzindikira munthu amene wasiya kudya, amene wangoti zii pakona masiku atatu, kapena amene wayamba kugawa bulangete ndi sopo wake. Koma ntchito yawo ikhale yodziwitsa oyang'anira ndende basi, asamasunge mankhwala a anzawo.

Lamulo nalo ndi mankhwala. Gawo 42 la Malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Kuyambira 2010, lamulo la kazengedwe ka milandu linaika malire a nthawi yokhala pa limandi mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga kupha, pokhapokha khoti litaonjezera. Ambiri m'maselo sadziwa zimenezi. A mabungwe othandiza anthu pa zamalamulo a PASI ndi Legal Aid Bureau akamuuza munthu tsiku lake la kukhoti ndi zofunika pa belo, usiku umenewo amapezako tulo.

Ovutika koposa ndi amene khoti lalamula kuti akayezedwe mutu mlandu usanayambe. Mlandu umaima, galimoto yopita ku Zomba Mental imasowa mafuta, lipoti limachedwa, wodwalayo n'kukhala nthawi yaitali kuposa anzake abwinobwino. Tikupempha a Unduna wa Zaumoyo ndi akuluakulu a ndende kuti namwino wa matenda a maganizo wa pachipatala cha boma azifika kundende kamodzi pa sabata, ndipo makhoti oyendera ndende aziyamba ndi mayina a anthu amenewa.

Ogwira ntchito za umoyo wa maganizo,
Lilongwe