Resilini ikuthawira pa intaneti

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinenepo za masewera ogwetsana aja timati resilini, omwe ana athu kuno ku Ulongwe amathera nawo timakobiri m'nyumba zoonetsera vidiyo.

Zinthu zidasintha mu 1985 pomwe Vince McMahon adachititsa WrestleMania yoyamba, chionetsero chachikulu cha resilini, ku Madison Square Garden mumzinda wa New York, Hulk Hogan ali pachimake. Mu 1989 kampani yake, yomwe lero imatchedwa WWE, idavomera pamaso pa aphungu a ku New Jersey kuti wopambana amasankhidwiratu. Achimwene anga mpaka lero amakana zimenezi, ati magazi aja si utoto. Magaziwo ndi enieni ndithu, koma nkhaniyo imakhala yolembedwa kale.

Itagula kampani inzake ya WCW mu 2001, WWE idatsala yopanda mnzake wamkulu wopikisana naye ndipo masewera adazizira mpaka kampani ina ya AEW itabwera mu 2019. Chaka chomwecho Kofi Kingston, wobadwira ku Ghana, adatenga lamba wa WWE. Tidakuwa ngati wagoletsa ndi Reinildo, katswiri wa mpira wa kuno ku Mozambique.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti kuyambira Januwale 2025 pulogalamu ya WWE yotchedwa Raw ili pa Netflix. Masewera onse akadzathawira pa intaneti, mlimi wa mbatata wa ku Tsangano adzaipeza kuti ndalama ya bando ya maola atatu sabata iliyonse?

Wowerenga wanu,
Ulongwe, Angónia