Kalata yopita ku Manchester: za kusamutsa malipiro a mabokosi a pamwezi

Chilenje, Lusaka

Okondedwa aNaphiri,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi abambo a kunyumba ndi ana. Kuno tilipo, kungoti kwatentha koopsa, aliyense maso ali kumwamba kudikira mvula.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa nkhaniyi ikukhudza ndalama zanu, ndipo ndikufuna mukhale ndi pobwerera mukaiwala china. Masiku akubwerawa mulandira imelo yochokera ku sitolo yanga, yokupemphani kuti mulowetsenso khadi lanu la ku banki. Ndikukudziwani, uthenga wotere mumaufufuta musanamalize n'kuwerenga komwe, ndipo mumachita bwino chifukwa akuba achuluka. Koma uwu wokha ndi wanga. Ndikusamutsa malipiro onse a mabokosi a pamwezi kuchoka pa app yakale kupita pa ina yatsopano, ndipo bokosi la amayi anu lili m'gulu lomwelo.

App yakale ndinaitenga pamene ndinkangoyamba, makasitomala anga pafupifupi onse ali anthu ngati inu, okhala kunja, olipira ndi Visa kapena Mastercard kuti makolo awo azilandira ufa, mafuta ophikira, shuga, mpunga wa ku Mongu, kapenta ndi chiponde mwezi ndi mwezi. Pa ntchito imeneyo inkayenda bwino. Tsopano anthu a mu Lusaka momwe muno nawo ayamba kulembetsa, a ku Kabwata, ku Chelstone, ku Matero, ndipo awa ndalama zawo zimakhala mu foni, pa MTN MoMo kapena pa Airtel Money. App ija za mobile money sizidziwa n'komwe. Ndiye munthu ankatumiza ndalama pa nambala yanga, n'kujambula uthenga wa umboni, n'kuuponya pa WhatsApp, ine n'kulemba dzina lake m'buku lachikuto cholimba. Kumapeto kwa mwezi ndinkakhala pansi mpaka usiku, kuno laputopu, uku buku, uku foni, kufufuza kuti walipira ndani, watsala ndani. Wina watumiza kuchokera pa nambala ya mwamuna wake, wina watumiza kudzera pa kabuthu ka pamsika, dzina limene lafika pa foni yanga ndi la agent. Kuwonjezera apo, eni app amandilipiritsa m'madola mwezi uliwonse pamene ine ndimagulitsa m'makwacha. Kwacha ikagwa, ndalama yawo imakwera, mtengo wa bokosi uli pomwepo.

Posankha pothawira panalibe zambiri. Malangizo a pa YouTube ambiri amangoti lumikizani Stripe kapena Shopify Payments, njira zolandirira ndalama za pa khadi pa intaneti, koma zonse ziwirizi sizilandira bizinesi yolembetsedwa ku Zambia. Ndinayenera kufuna app imene imagwirizana ndi kampani yolandira ndalama yomwe imagwira ntchito kuno, yotenga makhadi ndi mobile money yomwe, n'kundiikira makwacha mu akaunti yanga ya ku banki. Ndaipeza. Koma kusintha app pamodzi ndi kampani yolandira ndalama ndiye kwabweretsa nkhani ya khadi lanuyi.

Mwina mumaganiza kuti nambala ya khadi lanu ndili nayo penapake. Ndilibe, sindinaionepo, ndipo ngakhale app yakale ilibe. Tsiku limene munalembetsa, nambala ija inapita molunjika ku kampani yolandira ndalama, ndipo iwo ndiwo amaisunga motsatira malamulo otchedwa PCI DSS, amene amayang'aniridwa ndi bungwe lomwe Visa, Mastercard, American Express, Discover ndi JCB anakhazikitsa mu 2006. Malamulowa ndi okhwima moti manambala atatu a kumbuyo kwa khadi aja saloledwa kusungidwa ndi aliyense malipiro akangovomerezedwa. Chimene sitolo yanga inapatsidwa ndi token, kanambala kongoimira khadi lanu. Mwezi ukakwana, app imaonetsa token ija ku kampani, kampani n'kudula ndalama. Zili ngati tikiti ya katundu ya pa siteshoni ya mabasi ya Intercity: imagwira pa basi ya kampani imene inakulemberani basi, mukapita nayo pa basi ina akuyang'anani chabe. Token ya kampani yakale ku kampani yatsopano ilibe ntchito.

Njira ina inalipo. Makampani awiriwo atha kupatsana makhadi okhaokha mwachinsinsi, ine osaona chilichonse, kasitomala osavutika ndi kulowetsanso kanthu. Ndi zololedwa, ndipo masitolo akuluakulu amatero. Mnyamata amene amandithandiza za webusaiti ankandiumiriza kwambiri njira imeneyi. Amati mukapempha anthu kuti alowetsenso makhadi, ena sadzabwerera, ena adzaiwala, ena adzakumbukira kuti kodi ndimalipirabe izi, n'kusiya. Akunena zoona, ndipo ndikudziwa kuti ena ndiwataya.

Komabe ndakana, ndipo ndikuuzeni chifukwa chake poti inu mumandimvetsa. Munthu amene anandilola kuti ndizidula ndalama mu akaunti yake mwezi uliwonse iye ali mtulo, anandipatsa chinthu chachikulu. Anavomera pa app inayake, pa kampani inayake, pa tsiku ndi mtengo umene tinagwirizana. Tsopano ndasintha theka la zimenezo. Kodi ndingopitiriza kudula ngati palibe chachitika? Mtima wanga sukulola. Ngati pali wina amene akulipira chifukwa choti anaiwala kusiya, ndalama yake sindikuifuna. Ndipo palinso za nzeru chabe: kampani ikasintha, dzina limene limaoneka pa sitetimenti ya ku banki limathanso kusintha. Taganizani nesi mnzanu waweruka usiku wotopa, watsegula app ya banki, wapeza dzina lachilendo la ku Africa ladula mapaundi ake. Aimbira banki nthawi yomweyo kuti andibera. Banki ibweza ndalama ija, kampani indilipiritsa chindapusa, ndipo milandu yotere ikachuluka akhoza kunditsekera akaunti. Bola ndivutitse anthu kamodzi iwo akudziwa chimene chikuchitika.

Ntchito yeniyeni imene yandidyera nthawi ndi fayilo. App yakale imatulutsa mndandanda wa makasitomala onse mu fayilo ya CSV: dzina, imelo, foni, bokosi limene amatenga, mtengo, kumene timakasiya, ndi tsiku limene adzalipirenso. Ukaitsegula mu Excel zinthu zimayamba kusokonekera wekha usanakhudze. Manambala a foni oyamba ndi 097 kapena 096 amataya ziro wa kutsogolo, ena olembedwa ndi +260 amasanduka zinthu zosawerengeka. Choopsa kwambiri ndi madeti. App ija inapangidwa ku America, kumene amayamba kulemba mwezi kenako tsiku. Ndiye 11/03 kwa iwo ndi pa 3 Novembala, kwa ife ndi pa 11 Malichi. App yatsopano ikawerenga mwa njira yathu, munthu wa pa 3 Novembala angadye mabokosi miyezi inayi osalipira, kapena ingaganize kuti tsikulo linadutsa kale n'kumudula pompo. Ndadutsa mzere ndi mzere ndi chala, ndikusintha deti lililonse kuti liziyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, chifukwa kalembedwe kameneko sikasokoneza makina alionse. Mzere wa amayi anu ndinauwerenga mobwereza.

Pali anthu oyambirira amene ndinawalonjeza kuti mtengo wawo sudzakwera kwa kanthawi, inu muli m'gulu limenelo. App yatsopano ikanangotenga mtengo wa lero wa m'sitolo n'kupaka aliyense. Ndawalembera gawo lawolawo. Enanso analembetsa pa 31, ndipo Novembala alibe 31, Febuluwale ndiye safika n'komwe pa 30. Amenewo ndawapempha kuti tiwabweze pa 28.

Za ola ndiye zikukhudzani inu mwachindunji. Poyamba app yatsopano inali yoti izidula ndalama pakati pa usiku, nthawi ya kuno. Mukabweza mawotchi anu Lamlungu lomaliza la Okutobala, Lusaka imakhala patsogolo panu ndi maola awiri. Ndiye kuno tsiku latsopano likamayamba, kwanuko ikadali 22 koloko ya dzulo lake, mwina malipiro anu asanalowe, khadi n'kukana. Ndaika 12 koloko masana. Pa ola limenelo deti ndi limodzi kuno, kwanuko, ku Johannesburg, ku Perth ngakhale ku America.

Chimene chikundisowetsa tulo kuposa zonse ndi kudula munthu kawiri. Zimachitika mosavuta: app yakale ikadali yamoyo, yatsopano nayo yadzuka, zonse ziwiri zaona kuti tsiku lakwana. Kwa munthu wa kunja mwina n'kungokwiya chabe, koma kwa mphunzitsi wa ku Matero ndiye kuti ya basi ya mwezi wonse yapita, ndipo ndalama yobwezedwa pa khadi imatenga masiku kuti ifike. Choncho sindikusamutsa anthu onse tsiku limodzi. Ndinayamba n'kutseka kulembetsa kwatsopano pa app yakale. Kenako ndinayesa ndi khadi langa ndi nambala ya Airtel ya mchimwene wanga, pa kabokosi kamtengo wochepa. Tsopano ndikutenga kagulu kochepa nthawi imodzi, ndipo munthu aliyense ndimayamba ndamuimitsa kwakale ndisanamutsegule kwatsopano. Mauthenga a app yakale ndinawazimitsa kaye, kuopa kuti anthu angalandire imelo yoti bokosi lanu lathetsedwa n'kuyamba kundiimbira mtima uli m'mwamba. Zonsezi ndikuzichita pakati pa mwezi chifukwa ambiri amalipira kumapeto, akalandira. Ndipo chiyambire chilala cha 2024 chija chimene chinaphwetsa madzi ku Kariba magetsi n'kumazimazima, ntchito yotere sindiiyamba laputopu ndi inivata zisanadzaze.

App yakale sindiichotsa msanga ayi, ngakhale ikundidyera madola. Ndalama yobweza imayenera kudutsa njira imene inadzera, ndipo madandaulo a ku banki amatha kufika patapita miyezi. Ndiisunga mpaka zonse zitatha. Fayilo ija nayo sinditumiza pa WhatsApp kwa wina aliyense, ngakhale mnyamata wa webusaiti amabwera kudzagwirira pa laputopu yanga. Muli maadiresi a nkhalamba zokhala zokha, ndi tsiku limene katundu amafika pakhomo pawo. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limatiuza kuti tizisamala zinthu zotere, koma ngakhale likanapanda kukhalapo, si zinthu zoti zizingoyendayenda m'mafoni a anthu. Tikamaliza ndidzaifufuta.

A mobile money kwa iwo sizikhala zongodziyendera ngati za khadi. Momwe ndakonzera, tsiku likakwana uthenga umatulukira pa foni yawo wopempha PIN, akalowetsa ndiye kuti alipira, dzina lawo n'kudzilemba lokha kuti walipira. Foni ikakhala yozima kapena mulibe ndalama, app imadikira masiku angapo n'kuwakumbutsanso. Ikalephera kangapo imangoimitsa bokosi, siimufufuta munthuyo. Ambuya ena a ku Kabwata amene ndinayesa nawo anandiimbira uthengawo utangofika, kufunsa ngati alowetse PIN kapena ayi. Ndinawauza kuti ayambe awerenga dzina la sitolo ndi ndalama zimene zalembedwa, zikagwirizana ndi zimene amadziwa ndiye alowetse. Ndinasangalala kuti anafunsa.

Tsono inu mukalandira imelo ija, yang'anani kuti linki ikukupititsani ku adiresi ya sitolo yanga yomwe mumaidziwa, kapena ingotsegulani webusaiti nokha n'kulowa mu akaunti yanu, batani lake mulipeza momwemo. Banki yanu ikufunsani kuti mutsimikize pa app yawo kapena ikutumizirani nambala pa foni, monga zakhalira ku UK kuyambira mu Malichi 2022. Tsiku limenelo simudulidwa ndalama ya bokosi, tsiku lanu likhala lomwe lija la pa 28. Mtengo ndi womwewo m'makwacha, ngakhale m'mapaundi uzisinthasintha pang'ono monga kale. Wina akakupemphani nambala ya khadi, manambala a kumbuyo kapena nambala yochokera ku banki pa WhatsApp kapena pa foni, ngakhale atagwiritsa ntchito dzina langa ndi chithunzi changa, musapereke. Ine sindidzakupemphani zimenezo.

Chitani pasanafike pa 25 ngati mungathe. Mashifiti akakupanikizani musadandaule, bokosi la amayi lipita ndithu, za ndalama tidzakambirana. Koma ndithandizeni kuuza anzathu a kutchalitchi kwanuko amene amagula kwa ine kuti imeloyo ndi yoona, chifukwa mawu anu awamva msanga kuposa anga.

China chimene mungakonde: pa app yatsopanoyi mutha kuimitsa bokosi kwa mwezi umodzi kapena iwiri nokha, osathetsa chilichonse, kapena kusintha zam'kati. Amayi ananena kuti mvula ikagwa akufuna kupita ku Katete kukaona za kumunda. Muwafunse kuti akakhala nthawi yaitali bwanji, kuti bokosi la Disembala tiliimitse kapena tilitumize pa basi. Anatinso shuga wawachulukira, akufuna nyemba m'malo mwake, koma ndati ndiyambe ndamva kwa inu poti olipira ndinu.

Mupereke moni kwa abambo ndi ana onse.

Ndine mnzanu,
Nabanda