Tibwereketse ndalama za fizi ya kuyunivesite, kapena tiwakane?

Okondedwa Alangizi,

Ndife komiti ya gulu la banki mkhonde ku Chibavi, kuno ku Mzuzu. Zotsatira za MSCE zikangotuluka, mamembala amabwera kudzapempha ngongole ya fizi, ndipo komiti yagawanika pakati. Tikufuna mutiunikire tisanayambe kugula masheya a chaka chamawa.

Amene akutivutitsa mutu si ana osankhidwa kupita ku Mzuni kapena kumayunivesite ena aboma. Ndi aja amene apeza makerediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingelezi, koma dzina lawo silinatuluke pa mndandanda wa NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro apamwamba. Makolo awo amathamangira kumakoleji omwe si aboma, ndipo chimene amawerengera ndi fizi yokha.

Fizi ndi mutu chabe wa nkhani. Digiri ndi zaka zinayi, masemesita asanu ndi atatu, ndipo semesita iliyonse ili ndi ndalama yake yolembetsera. Malo ogona pasukulu ndi ochepa, choncho ambiri amachita lendi, monga mmene ophunzira a ku Mzuni adzazira ku Luwinga, ndipo eni nyumba ena amafuna lendi ya miyezi ingapo pakamodzi. Onjezanipo chakudya, makala, kabaza, laputopu, mabandulo a intaneti ndi kusindikiza ntchito za m'kalasi. Wophunzira zauphunzitsi amakaphunzitsa kusekondale kwa kanthawi, wa zaunamwino amatumizidwa kuzipatala, ndipo kumeneko amalipira malo ena ogona. Chaka chomaliza kuli kafukufuku, nayenso amadya ndalama. Bajeti ya chaka choyamba sifika chaka chachinayi ili yomweyo: kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu n'kukwera.

Kumene zimasokonekera kwambiri ndi pakati panjira. Wophunzira amene sanamalize fizi amatha kuletsedwa kulemba mayeso, kapena zotsatira zake n'kutsekeredwa. Akalephera phunziro amalemba sapu (mayeso a mwayi wachiwiri), akalepheranso amabwereza, mwinanso kuchotsedwa sukulu kumene. Wosiyira m'chaka chachitatu amabwerera kunyumba ndi satifiketi ya MSCE yomwe ija, ndalama za zaka ziwiri zitapita. Palinso makoleji amene maphunziro ake sanavomerezedwe ndi NCHE, ndipo makolo ambiri safunsa n'komwe za zimenezi, bola aone chikwangwani chokongola pamsewu.

Ndalama za gulu lathu sizinapangidwire zimenezi. Chiwongoladzanja chathu ndi 20 peresenti pamwezi, ndipo mu Disembala timagawana zonse. Wotenga K500,000 ayenera kupeza K100,000 yapamwamba mwezi umodzi wokha. Wogulitsa kaunjika kapena usipa amatha, chifukwa ndalamayo imazungulira. Fizi sizungulira. Ikalowa kuakaunti ya sukulu, phindu lake lidzaoneka patatha zaka zinayi, ndiponso pokhapokha ntchito itapezeka. Omaliza zauphunzitsi ndi zaunamwino amadikira boma kuti lilembe anthu, namwino asanatero ayeneranso kukhoza mayeso a bungwe la anamwino ndi azamba. Ngongole ya boma yochokera ku HESLGB, bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, ndiyo yoyenera maphunziro, koma si onse opempha amene amalandira.

Ena mwa ife akuti ana otere tiziwalozera ku Mzuzu Technical College kapena kumakoleji ena a ntchito zamanja a TEVETA. Zamagetsi, zamipope, ukalipentala, kuwotcherera zitsulo: mnyamata amayamba kugwira timaganyu asanamalize n'komwe, ndipo nyumba zikumangidwabe ku Mchengautuwa ndi ku Zolozolo. Koma nakonso kumafunika zipangizo ndi mpamba, ndipo malo ake ngolimbirana. Ena akuti mwana abwereze Fomu 4 kuti atsitse mapointi. Enanso akuti ayambe wapeza kantchito, digiri adzaitenge kudzera m'maphunziro ophunzirira kutali (ODeL) a ku Mzuni akudzilipirira yekha.

Mbali inayo ikuti tikuganiza mwa lero lokha, ndipo mfundo yawo sitingaitaye. Zotsatsa ntchito zambiri za m'boma, m'mabanki ndi m'mabungwe zimayamba ndi digiri, ndipo wopanda pepalalo kalata yake saiwerenga. Akutinso kukana kholo la mwana wamkazi wanzeru n'kumukankhira mwanayo kubanja.

Mafunso athu ndi awa. Kodi n'chilungamo kuika lamulo loti ngongole ya fizi iziperekedwa kwa yekhayo amene waonetsa kumene adzapeze ndalama za zaka zonse zinayi, komanso umboni woti maphunzirowo ngovomerezeka? Kodi tikhazikitse thumba lapadera la maphunziro lachiwongoladzanja chotsika, ngakhale zogawana za mu Disembala zichepe? Nanga kholo limene lagulitsa kale puloti, mwana ali m'chaka chachiwiri, tiliuze kuti lipitirize kapena liimire pomwepo?

Ine mlembi wa gulu,
Chibavi, Mzuzu