Mphumu yosamva mankhwala ikaunikidwe kholingo

Bambo Mkonzi,

Mundilole ndifotokoze zomwe zinawaonekera azakhali anga, mwina wina angapulumukirepo.

Kwa chaka chathunthu ankapuma molira ngati mluzu. Kuchipatala china chaching'ono anati ndi mphumu, nawapatsa mankhwala opopera. Sizinasinthe. Makhololo anayezedwa kawiri, chifuwa chachikulu sichinapezeke. Atawajambula pachifuwa, mapapo anali bwinobwino. Ife tinayamba kunong'onezana za anthu a kumudzi, mukudziwa mmene timachitira Amalawi.

Chonsecho vuto linali pamwamba pa mapapo, m'kholingo momwe mumadutsa mpweya. Dokotala wina anakayikira, nalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera, n'kupeza chotupa chitatseka njirayo kupitirira theka. Ndiye anati adulepo kanyama kakapimidwe ku labu.

Apa m'pamene panavuta. Amalume anakana kwamtuwagalu, ati chotupa ukachikhudza ndi mpeni chimalusa. Tinataya milungu itatu tikukangana pa khonde.

Komatu diso la dokotala, ngakhale makina ojambula m'kati mwa thupi a CT, sizingatchule dzina la chotupa. Kanyamako amakaviika m'mankhwala a formalin, kukadula mopyapyala kuposa pepala, kukapaka utoto, kenako katswiri amakaona pa maikulosikopu, chipangizo chokuza tinthu tating'onoting'ono. Zotupa za m'kholingo n'zosowa, ndipo sizifanana. Khansa yotchedwa squamous cell carcinoma imakonda osuta fodya. Khansa ina yotchedwa adenoid cystic carcinoma, yomwe anapezeka nayo azakhali, imakula pang'onopang'ono ndipo imagwira ngakhale munthu amene sanalawepo ndudu, n'chifukwa chake imanamizira mphumu. Kwa amene ali ndi HIV, khansa ya Kaposi sarcoma nayonso imatha kumera m'njira za mpweya. Wodwala wina amafunika opaleshoni, wina kuwotcha ndi ma radiation, wina mankhwala a m'dilipi. Popanda dzina, dokotala ayambira pati?

Ambiri sadziwa kuti kupima kotereku kumachitika konkuno ku Lilongwe. Labu yopima tinyama ya pa chipatala cha Kamuzu Central inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi UNC Project, bungwe la yunivesite ya North Carolina ya ku America.

Pempho langa kwa a Unduna wa Zaumoyo n'lakuti akumbutse madokotala a m'zipatala zing'onozing'ono: munthu wamkulu amene wayamba "mphumu" mwadzidzidzi, mankhwala osagwira, makhololo alibe kanthu, makamaka akamatsokomola magazi, atumizidwe msanga akamuunike kholingo. Ndipo potiuza za kudula kanyama, atifotokozere modekha m'Chichewa, achibale tonse tili pomwepo. Amalume anavomera tsiku lomwe namwino wina anakhala nawo pansi n'kuwajambulira kholingo papepala.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe