Kalata kwa mnzanga wa ku Joni: tasiyana popanda kukokerana kukhoti

Area 25, Lilongwe

Mnzanga wapamtima,

Uthenga wako wa mawu pa WhatsApp ndaumvetsera kangapo konse. Ndasankha kukuyankha papepala chifukwa pafoni ndikanalira ndisanafike n'pakati pomwe. Kalatayi ndapatsira mlongo wako amene akukwera basi ya ku Johannesburg Lachisanu, pamodzi ndi usipa ndi nsinjiro zija unaitanitsa.

Zimene wamvazo n'zoona. Banja lathu ndi bambo a ana latha, patapita zaka 14. Iwe ndi amene unandiperekeza tsiku la chinkhoswe ku Dedza, choncho ndamvetsa ukali uli m'mawu ako pamene ukuti ndiwatengere kukhoti akaone polekera. Ukali umenewo ndi chikondi, ndipo ndikukuthokoza. Koma sindinapite kukhoti, ndipo ndikufuna umve kwa ine mwini kuti sanandipondereze ayi.

Ndinadziwa mu Febuluwale kuti ku Mzuzu, kumene amagwira ntchito, kuli mayi wina ndi mwana wa zaka zitatu. Miyezi iwiri yoyamba nanenso ndinkangolota khoti. Tsiku lina ndinapita ndithu pabwalo lina la majisitireti kukangoonerera mmene milandu ya mabanja imayendera. Ndinakhala pabenchi la kumbuyo. Mayi wina anaimirira n'kuyamba kuyala za kuchipinda pamaso pa anthu osawadziwa, mwamuna wake akumudula mawu, achibale a mbali ziwirizo atakhala motalikirana ngati sanadyerepo mbale imodzi. Panja pa windo panali kamtsikana kovala yunifolomu, kofanana msinkhu ndi wanga wamkuluyu, kakukanda pansi ndi chala cha kumwendo. Kanali kumva zonse. Ndinatuluka mlanduwo usanathe, ndipo pokwera minibasi ndinali nditadziwa kale kuti mwana wanga sadzaima pawindo lotero.

Komabe sindinafune kupita kokambirana ndili wosadziwa kanthu. Ndinakafunsa ku ofesi ya Legal Aid Bureau, ndipo anandifotokozera bwino. Gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko lino limati banja likatha, mkazi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa awiriwo, ndiponso chithandizo choyenera. Anandiuzanso za lamulo la maukwati ndi kutha kwa mabanja la 2015, limene limazindikira ukwati wa chinkhoswe mofanana ndi wa kutchalitchi kapena wa kwa DC. Chinthu china chimene sanandibisire n'chakuti chikalata chothetsa ukwati pamaso pa boma chimatuluka kukhoti basi. Ndiye usadabwe ukadzamva kuti tapitako tsiku lina. Tidzapita limodzi, titanyamula zimene tagwirizana kale, osati kukalimbana.

Kenako ndinapita kwa amalume, ankhoswe anga. Ukuwadziwa mmene alili. Anatikhazika pansi kawiri konse kuti atiyanjanitse, ndipo sindiwaimba mlandu, imeneyo ndiyo ntchito ya nkhoswe. Azakhali nawo anandiitanira kuseri kwa nkhokwe kukandikumbutsa kuti banja ndi kupirira. Ulendo wachitatu ndinagwada n'kunena kuti, "Amalume, munatimanga ndinu pamaso pa anthu. Ndikupempha mutimasule ndinu, mwaulemu womwe uja." Anakhala chete nthawi yaitali, akusisita chipewa chawo pabondo. Kenako anati atumiza uthenga kwa ankhoswe a kuchimuna.

Tinakumana Loweruka lina mu Juni pakhonde pa amayi, chisanu cha ku Dedza chikulowa m'mafupa. Ana tinawasiya kwa mng'ono wanga ku Lilongwe kuno. Panali ankhoswe a mbali zonse, apongozi anga aakazi, ndi nduna ya amfumu ngati mboni. Amalume anayamba ndi lamulo limodzi limene ndikukhulupirira kuti ndi limene linapulumutsa tsikulo. Anati za ku Mzuzu zinakambidwa kale kawiri, wolakwa anavomera, ndipo madzi akatayika saoleka. Lero tikambe za ana, za nyumba ndi za ngongole basi. Bambo a ana atayamba kudziteteza kuti ntchito ndi imene inawasiyanitsa ndi banja, nkhoswe wawo yemwe ndi amene anawagwira mkono kuti asiye. Ine nditayamba kukwera mawu, amalume anangonditchula ndi mfunda wanga, ndipo ndinatsika.

Msuweni wanga mphunzitsi uja anali ndi kope latsopano ndi bolopeni. Chilichonse chimene tagwirizana ankalemba, n'kuwerenga mokweza, tonse n'kuvomera asanapitirire.

Nyumba ndiyo inatenga nthawi. Poloti tinagula mu 2016 ndipo mapepala ali m'dzina la bambo a ana. Koma njerwa zinaotchedwa ndi ndalama zanga za kaunjika, iwe ukukumbukira mmene ndinkadzukira usiku kukatsegula bero. Malata ndinagula ndi ngongole ya banki m'khonde. Zimenezi sanazikane. Amalume anakumbutsa mwambo wathu woti mwamuna amayenera kumangira mkazi nyumba kumudzi kwa mkaziyo, koma ine ndinati moyo wanga ndi sukulu ya ana zili ku Lilongwe, nyumba ya ku Dedza ingakhale ya mileme. Tinagwirizana kuti ine ndi ana tikhalebe m'nyumbayi, isagulitsidwe kapena kupinyolitsidwa mpaka wamng'onoyu atamaliza Fomu 4, ndipo ikadzagulitsidwa tidzagawane pakati. Njinga yamoto atenga iwo. Makina osokera ndi firiji zatsala kwa ine. Ngongole yotsala ya malata tagawana.

Ndikudziwa uziti ndikanapeza zambiri. Mwina. Koma ndikanazipeza patapita miyezi ingati, nditataya masiku angati a kumsika, ndipo apongozi anga bwenzi akundiyang'ana bwanji pamaliro? Paja ana awa ndi a mtundu wawonso, ndipo tizikumanabe pa zinkhoswe zawo ndi pa matenda awo mpaka imfa.

Pa chithandizo cha ana ndinaumirira chinthu chimodzi: tisalembe chiwerengero cha makwacha. Tonse tinaona mu Novembala 2023 ndalama itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndalama imene inkagula thumba la ufa n'kusanduka yogulira ndowa. Ndiye tinalemba zinthu. Fizi ndi yunifolomu alipira iwo mwachindunji kusukulu, n'kunditumizira chithunzi cha lisiti. Pa nthawi yokolola apereka matumba asanu ndi limodzi a chimanga a makilo 50. Za kuchipatala tigawana pakati, ndipo zadzidzidzi atumiza pa Mpamba tsiku lomwelo. Ana azikhala ndi ine, holide ya Disembala azikakhala kwa bambo awo, ndipo nthawi iliyonse imene bambowo ali mu Lilongwe akhoza kudzawatenga Loweruka, bola andiuze dzulo lake. Tinalembanso kuti pasapezeke wotuma mwana kukapempha ndalama kwa mnzake, kapena wonyoza mnzake ana akumva. Mfundo imeneyi inachokera kwa apongozi anga.

Tonse tinasaina, ankhoswe anasaina, apongozi anadinda chala. Tinachita fotokope masamba anayiwo pa boma, aliyense n'kutenga yake.

Tsiku lonselo sindinalire. Chinandigwetsa ndi lichero. Nditabwerera kuno ndinayamba kulongedza zovala zawo m'chikwama, ndipo kuseri kwa kabati ndinapeza lichero lija ndinalandira pa chinkhoswe, pamodzi ndi mthiko ndi chipande, tsiku limene ankhoswe anasinthana tambala ndi msoti anthu akululutira. M'mphepete mwake munali mutamasuka, nsungwi zitatuluka. Ndinakhala pansi pa simenti nalo m'manja mpaka kunja kunada. Usaganize kuti poti tasiyana mwamtendere ndiye kuti sizikuwawa. Zikuwawa kwambiri, makamaka m'bandakucha. Mawa lake apongozi anandiimbira foni, ndipo asanandifunse n'komwe za ana anati, "Mwana wanga, wadya?" Amayi amenewo ndikanawataya pabenchi lija.

Ana tinawauza tonse awiri, Lamulungu madzulo, titakhala pamphasa. Tinapangana kale mawu oti tinene: kuti adadi ndi amami sakhalanso nyumba imodzi, kuti si chifukwa cha iwo, kuti sukulu ndi yomweyo ndipo bedi ndi lomwelo. Wamng'onoyu, wa zaka 7, anafunsa kuti nanga galu apita ndi ndani. Titati atsala, anapita kukasewera. Wamkuluyu, amene ali Sitandade 8, sanayankhe kanthu. Patapita masiku atatu, tikutsuka mbale, anandifunsa osandiyang'ana ngati zachitika chifukwa choti iye sanakhoze bwino teremu yatha. Ndinasiya mbale n'kumukumbatira ndi manja a sopo omwewo. Usiku umenewo ndinaimbira bambo ake, ndipo analankhula naye pafupifupi ola lathunthu. Foni imeneyo ndinatha kuiimba chifukwa sitinatukwanizane pagulu.

Ndisakunamize kuti njira imeneyi ndi ya aliyense. Bambo a ana anandilakwira, koma sanandimenyepo, ndipo anavomera kukhala pansi. Pali mayi wina kuno amene anabwera kudzandifunsa mmene ndachitira, diso litatupa. Ameneyo sindinamutumize kwa ankhoswe. Ndinamuperekeza ku Victim Support Unit ya kupolisi, poti lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, ndipo munthu sungakambirane mofanana ndi amene ukumuopa. Ngakhale ineyo khomo la khoti sindinalitseke. Fizi ikadzasiya kulipiridwa ndidzayamba kwa ankhoswe, ndipo zikadzakanika ndidzanyamula kope lija kupita nalo kwa majisitireti. Bambo a ana akudziwa, ndinanena pakhonde paja anthu onse akumva.

Chimene ndikupempha kwa iwe ndi ichi. Ukadzabwera pa Khirisimasi n'kukumana nawo, uwapatse moni. Sindikuti uwasekerere, moni chabe. Ana anga amakutcha anti, ndipo amayang'ana nkhope yako.

Loweruka lapitali anabwera kudzawatenga. Anagogoda pageti la nyumba imene anamanga nawo, n'kudikira panja mpaka nditatsegula. Ndinawapatsa chikwama cha ana ndi mankhwala a chifuwa a wamng'onoyu, n'kuwauza kuti amwe supuni imodzi akatha kudya. Anawabweza isanakwane 5 koloko, atawameta tsitsi.

Nsapato za sukulu zija unanena, wamkuluyu tsopano akuvala saizi 4. Undiuze ngati usipa wafika bwino, ndiponso ngati mwendo uja wasiya kutupa ndi kuimirira kwa kuntchito.

Ndine mnzako wa masiku onse,
Mayi a awiri, ku Area 25