Kalata yotseguka kwa Jaji Brett Kavanaugh wa Khothi Lalikulu la America

Olemekezeka a Jaji,

Ndikulemberani za chigamulo chomwe munalemba pa 22 April 2021 pa mlandu wa Jones v. Mississippi. Majaji anzanu asanu anagwirizana nanu, atatu anakana. Ine si loya ayi, koma zomwe munanena ndinazimva bwino: woweruza angathe kutsekera mwana wosakwana zaka 18 m'ndende moyo wake wonse, opanda tsiku lodzamuonanso, ndipo sakakamizidwa kunena kuti wapeza kuti mwanayo sangasinthe. Malinga ngati lamulo linamupatsa ufulu wosankha chilango china, basi zakwana.

Brett Jones anali atangokwanitsa zaka 15 mu August 2004. Ankakhala kwa agogo ake ku Shannon, m'dera la Mississippi. Anakangana ndi agogo ake aamuna pa nkhani ya chibwenzi chake, ndipo pambuyo pake ali kukhitchini akukonza chakudya, mkanganowo unabukanso. Mpeni womwe anali nawo m'manja ndi womwe anabayira nawo nkhalambayo. Anabaya kasanu ndi katatu. Palibe amene akuti zimenezi zinali zachibwana. Munthu anafa, ndipo anafa mwankhanza. Koma pamene mlandu unabwereranso kukhothi, mmodzi mwa omwe anamuimira kumbuyo anali agogo ake aakazi, mkazi wa malemuyo. Iwo anali atamuona mdzukulu wawo akukula kuseri kwa zitsulo, akumaliza maphunziro a sekondale ali m'ndende, ndipo ankafuna kuti tsiku lina adzatuluke.

Chomwe chimandizunguza mutu n'chakuti inu nomwe munagwirapo ntchito pansi pa Jaji Anthony Kennedy, ndipo mu 2018 munalowa pampando wake. Kennedy ndiye analemba Roper v. Simmons mu 2005, pomwe khothi linaletsa kunyonga omwe analakwa ali ana. Ndiye analemba Graham v. Florida mu 2010, pomwe khothi linaletsa kutsekera mwana yemwe sanaphe munthu m'ndende moyo wake wonse opanda mwayi wodzatuluka. Mu 2012, pa Miller v. Alabama, khothi linati chilango chotere chisamangobwera chokha chifukwa lamulo latero, ndipo mu 2016, pa Montgomery v. Louisiana, Kennedy anati chiyenera kukhala cha ana ochepa kwambiri omwe mlandu wawo ukuonetsa kuti anavunda kotheratu. Mfundo yake inali imodzi ndipo makolo amaidziwa popanda kuwerenga sayansi: mnyamata wa zaka 15 amachita zinthu mopupuluma, amatengeka ndi anzake, sathawa pakhomo pomwe akumenyedwa chifukwa alibe kothawira, ndipo khalidwe lake silinakhwime. Akuluakulu amati kuwongola mtengo mpoyamba. Tanthauzo lake n'lakuti mtengo waung'ono umawongoka.

Inu munati simunasinthe chilichonse mwa zimenezi. Jaji Sonia Sotomayor, potsutsana nanu, anati mwazichotsa mano. Pasanathe sabata, khothi la ku Alabama linapatsanso Evan Miller ndende ya moyo wonse. Ameneyu ndi yemwe dzina lake lili pa chigamulo cha 2012. Anapha mnansi wake ali ndi zaka 14, atakula pakati pa bambo womupeza wankhanza ndi mayi womwa mowa ndi mankhwala, ndipo anayamba kuyesa kudzipha ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Chaka chomwecho, mu November, Henry Montgomery, yemwe dzina lake lili pa chigamulo cha 2016, anatuluka m'ndende ku Louisiana ali ndi zaka 75. Anawombera wapolisi mu 1963 ali ndi zaka 17. Woweruza yemwe anamuona nthawi imeneyo sakanadziwa kuti mnyamatayo adzakhala nkhalamba yophunzitsa akaidi anzake nkhonya ndi kuwalangiza. Palibe akanadziwa. Apa ndi pomwe pagona nkhani yanga, a Jaji. Kunena kuti mwana sadzasintha ndi kulosera za zaka makumi asanu zikubwerazo, ndipo woweruza si mlosi. Chigamulo chanu chinamuchotsera ngakhale mtolo wotchula ulosiwo pakamwa. Angomva kuti wolakwayo anali mwana, agwedeze mutu, asaine.

Ku Pennsylvania, anthu mazana omwe anamangidwa ali ana aweruzidwanso kuchokera mu 2016, ndipo ambiri anatuluka. Omwe anabwerera ku umbanda ndi ochepa zedi. Madera oposa theka a dziko lanu aletsa kale chilangochi. Choncho lero mwana yemwe wapha ku Mississippi ndi mnzake yemwe wapha ku West Virginia ali ndi tsogolo losiyana chifukwa cha malire a pamapu.

Kumapeto kwa chigamulo chanu munalozera Jones kwa aphungu ndi kwa bwanamkubwa wa dera lake, kuti akadandaule kumeneko. Mukudziwa bwino kuti wandale yemwe akufuna mavoti sathamangira kumasula munthu wopha. Ndi chifukwa chake pali khothi. Sindikupempha kuti aliyense atuluke. Ena adzakanidwa, ndipo mabanja a ophedwa ali ndi ufulu woyankhula pa tsikulo. Ndikupempha kuti mlandu wina wotere ukadzafika patebulo panu, mudzalamule kuti pakapita zaka, gulu loona za kumasula akaidi lidzakhale pansi ndi munthuyo, limufunse, lione chomwe wakhala.

Ine wanu,
Kholo la mnyamata wa zaka 15